Andilembera kuti ndibweze £14,130 ya tax credit, ndiyambire pati? (Macheza a mu 2017: malamulo ndi manambala ali m'munsimu ndi a nthawi imeneyo, tax credit inatha mu April 2025)

MakeTadala_Leeds
Abale anga, mundikhululukire kulemba usiku chonchi, tulo tandithawa. Lachinayi ndinalandira kalata ya envelopu ya khaki ija, yochokera ku HMRC, bungwe la misonkho la kuno ku UK. Akuti ndalama zonse za tax credit, thandizo la boma kwa mabanja opeza zochepa, zomwe ndakhala ndikulandira kuyambira pa 6 April 2015 sizinali zanga, ndibweze £14,130. Zomwe zimalowa pakatha masabata anayi aliwonse, pafupifupi £590, aziimitsanso.

Nkhani yake ili motere. Ndinalembetsa ngati mayi wolera ana ndekha, ndipo nthawi imeneyo zinalidi choncho, bambo a ana anali ku Blantyre. Anabwera kuno mu November 2015 pa spouse visa. Pakhadi lawo analembapo kuti No Public Funds, kutanthauza kuti saloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma. Ndinafunsa mkulu wina wa kutchalitchi kwathu amene wakhala kuno zaka zambiri, ndipo anandiuza kuti dzina la bambo lisayandikire pepala lililonse la benefit, apo ayi adzawakweza ndege. Ndiye ndinangokhala chete, ndalama n'kumalowa ngati kale.

Ndimagwira ntchito ku care home, maola 36 pasabata kuphatikizapo ma shift owonjezera, pachaka ndimapeza pafupifupi £19,500. Ana ndi awiri, wazaka 7 ndi wazaka 4. Bambo anapeza ntchito ku warehouse mu May 2016. Kalatayo ndawaonetsa dzulo, chiyambireni sanalankhule, nsima angoigwiragwira. Amene munadutsamo, ndiyambire pati? Kapena ndingovomera?

Kamdothi92
Eee mayi! Imeneyo kumudzi ndi minibasi yonse, kondakitala wake yemwe. Pepani kwambiri.

Ankolo_Luton
Mwana wanga, pepa. Ine ndabwera kuno 2001, ndaona zambiri. Boma la kuno sulimbana nalo. Imba foni Lolemba, uvomere, upemphe kuti uzibweza pang'onopang'ono pamwezi. Ukayamba zolembalemba makalata otsutsa, fayilo yako imachoka pansi n'kubwera pamwamba pa tebulo, ndiye amuna akowa visa yawo idzafunika kuwonjezera. Usadzutse galu wogona.

NaPhiri_Notts
Ankolo, galuyo wadzuka kale, ndiye walemba kalatayo. MakeTadala, musavomere kanthu pafoni musanayankhe mafunso awa. Kalatayo yalembedwa tsiku liti, osati tsiku lomwe mwailandira? Isanabwere imeneyi, kunabwera ina yopempha maumboni? Bambo anatera tsiku liti lenileni? Inuyo mapepala anu ndi otani? Ndipo atabwera bambo, ku council munawauza?

MakeTadala_Leeds
Achemwali, kalatayo ndi ya pa 13 February 2017. Ine ndili ndi indefinite leave, chilolezo chokhala kuno mopanda malire a nthawi, ana ndi ma British. Bambo anatera ku Heathrow pa 14 November 2015, chidindo chilipo mu passport. Ku council ndinawauza mu December womwewo, anachotsa 25% ija ya munthu wokhala yekha pa council tax. Kalata ina inabweradi isanafike Khirisimasi, yofuna ma bank statement ndi mapepala a nyumba. Ndinachita mantha, ndinaiika pansi pa microwave. Ikadali pomwepo.

Kamdothi92
Pansi pa microwave ndi pomwe pali ofesi yaikulu ya Amalawi a ku UK. Kwathu pali makalata atatu.

NaPhiri_Notts
Chabwino. Ndinathandizirapo mongodzipereka pa malo ena opereka uphungu kuno ku Nottingham, sindine loya, koma nkhani ngati yanuyi ndaionapo kangapo. Pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe zingatsitse ngongoleyi, ndipo chilichonse chili ndi khomo lake.

Choyamba ndi tsiku. Lamulo la tax credit limati mwamuna ndi mkazi amalembetsa limodzi ngati onse awiri ali mu UK. Pamene bambo anali ku Blantyre, inu kulembetsa nokha kunali kolondola, ngakhale munali pabanja. Claim yanu ya nokha inafa pa 14 November 2015, osati pa 6 April. Iwo ayambira pa 6 April chifukwa ndi pomwe chaka cha misonkho chimayambira, ndipo inu simunayankhe kalata ija, ndiye analibe chowauza kuti bambo anabwera liti. Izi mumatsutsa ndi Mandatory Reconsideration, kupempha kuti aunikenso chigamulo. Muli ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku la kalata, kutanthauza pa 15 March. Fomu yake ndi WTC/AP, kapena kalata wamba yokhala ndi National Insurance number yanu. Ikanimo kope ya chidindo cha passport, visa, tikiti ya ndege ngati ilipo, ndi kalata ya kuntchito kwawo ku Blantyre yosonyeza mwezi womwe anasiya. Miyezi isanu ndi iwiri imeneyo yokha ndi pafupifupi £4,700.

Chachiwiri ndi chomwe anthu ambiri sachidziwa, amachitcha notional offsetting, ena amati notional entitlement. HMRC inayamba kuchita izi mu January 2010. Amawerengera ndalama zomwe mukanalandira mukanalembetsa molondola ngati banja, n'kuzichotsa pa ngongole. Chifukwa onani: gawo la lone parent ndi £2,010 pachaka, gawo la couple ndi £2,010 yomweyo. Miyezi yomwe bambo ankakhala pakhomo osagwira ntchito, banja lanu likanalandira pafupifupi zomwezo, kupatula za childcare. Ndiye boma silinataye £14,130 pa inu. Musadikire kuti akupatseni okha, lembani mawu amenewo m'kalata yanu ndipo mukaimba foni muwatchule.

Ndipo lembetsani joint claim, ya inu ndi bambo limodzi, sabata ino. Amangobwerera m'mbuyo mwezi umodzi, tsiku lililonse lomwe mukuzengereza ndi ndalama yotayika. M'madera ena tsopano akutumiza anthu ku Universal Credit, thandizo latsopano lolowa m'malo mwa tax credit, ndiye mukaimba afunsa postcode yanu.

Ankolo_Luton
NaPhiri, mukumuuza mwanayu kuti alembe dzina la mwamuna wake pa fomu ya benefit pomwe khadi likuti No Public Funds? Akadzawakaniza visa, mudzakhala kuti inu?

BamboWaMapasa
Ankolo, ndi ulemu wonse, pamenepa mwaphonya. Ineyo ndinabwera pa spouse visa yomweyo mu 2013, khadi langa linalembedwa mawu omwewo. Mayi a kunyumba ndi British. Tinalembetsa tax credit limodzi, mayina onse awiri pa award notice, kalata yonena ndalama zomwe muzilandira. Pomwe ndinkawonjezera visa, pa fomu tinalemba poyera kuti banja limalandira Child Tax Credit, ndipo visa inatuluka. Chomwe sichiloledwa ndi kuwerengera tax credit pa £18,600 ija yomwe amafuna kuti wokuitana azipeza.

NaPhiri_Notts
Ndi zoona. Zili mu Tax Credits Immigration Regulations za 2003: ngati mmodzi mwa awiriwo ali ndi ufulu wonse, monga MakeTadala, banjalo limatengedwa ngati onse ali nawo, ndipo malamulo a immigration saziwerengera ngati public funds. Mkulu wa kutchalitchi uja anasakaniza ndi nkhani ya mabanja omwe onse awiri ali pa visa, monga ma student. Kwa amenewo uphungu wake ndi woona. Komabe isanafike nthawi yowonjezera visa, mukaonane ndi mlangizi wolembetsedwa ku OISC, ofesi yoyang'anira alangizi a za immigration, muwaonetse makalata onsewa.

Ankolo_Luton
Mwina zinasintha. Nthawi yathu tinkangouzana kuti usakhudze chilichonse.

Mphunzitsi_Zomba
Pepani kulowerera, ine ndili kuno kumudzi. Ndimvetseni bwino: boma limapatsa ndalama munthu amene ali pantchito kale, wolandira malipiro? Ndiye kenako n'kumufunsanso? Ndayesa kuchulukitsa, ndalama akutiyo ndi zopitirira K12 miliyoni. Ine MRA imangodula PAYE, sinandibwezereko ngakhale ya sopo.

BamboWaMapasa
Aphunzitsi, dzina lokha ndi lonamiza, si kubweza msonkho ayi. Ndi thandizo la mabanja opeza zochepa, linayamba mu April 2003 nthawi ya Gordon Brown ali nduna ya zachuma. Vuto lake amakupatsa potengera zomwe unapeza chaka chatha, kenako chaka chikatha amawerengera zenizeni. Mukasiyana, wabweza. Ndipo musachulukitse ndi kwacha, mudwala nazo. Lendi yokha kuno imadya theka la malipiro.

Mphunzitsi_Zomba
Ndiye bola Mtukula Pakhomo, chiyambire ku Mchinji mu 2006 sindinamve gogo atalandira kalata yoti abweze.

MlamuWaJoni
Inu a ku Mangalande mumadandaula mutakhuta. Kuno ku Johannesburg ife za SASSA, ndalama za thandizo la boma la kuno, timangozionera pa mzere wa eni dziko. Munthu akakupatsa ndalama molakwitsa, umathokoza Mulungu n'kusintha nambala ya foni.

Kamdothi92
Alamu, kuno ukasintha nambala amakupeza pa payslip. Koma nkhani yoti takhuta ija isiyeni, kumudzi akangomva kuti boma limatipatsa ndalama za ana, mndandanda wa fizi ndi feteleza uwirikiza. Azakhali anga anandiimbira 5 koloko m'mawa kufunsa ngati matumba anayi ndawaiwala.

Chilungamo_Bham
Ine ndinena zomwe ena akuopa kunena. MakeTadala, mu 2016 munalandira renewal pack. Pamenepo pamafunsa ngati zinthu zasintha, ndipo tsiku lomaliza ndi 31 July chaka chilichonse. Munatsimikiza kuti mukadali nokha pomwe bambo anali pa sofa. Kumeneko si kulakwitsa. Zinthu ngati zimenezi ndi zomwe zimatiipitsira mbiri tonse, mawa azingoti anthu akuda ndi akuba ma benefit. Bwezani basi.

MakeTadala_Leeds
Achimwene, mawu anu andilasa, koma sindikana kuti ndinachita renew. Ndinachitadi, pafoni yanga, ndili pa break kuntchito. M'mutu mwanga ndinkati bambo sawerengedwa chifukwa saloledwa kulandira kanthu, ndiye ndalamazi ndi za ine ndi ana. Ndikanakhala wakuba sindikanapita ndekha ku council kukawauza kuti andikwezere council tax. Sindikanawalemba pa tenancy, kwa GP ndi kusukulu ya ana. Ndinapusa, inde. Kuba ayi.

Nyasa_Glasgow
Chilungamo, munthu wabwera akulira, inu mwatenga chikwapu. Simunalakwitsepo fomu chibwerereni?

Chilungamo_Bham
Ndalakwitsapo, koma osati miyezi 15 yotsatizana. Safunsa anadya phula.

Nyasa_Glasgow
Anafunsatu. Anangofunsa munthu wolakwika.

NaPhiri_Notts
Musamuthamangitse Chilungamo, funso lakelo ndi lomwe adzafunse amene adzagwire fayilo. Notional offsetting amaikana akaona kuti munthu ananama dala. Palinso chindapusa: mpaka £300 chifukwa chosanena kusintha pasanathe mwezi, ndi mpaka £3,000 ngati wapereka uthenga wabodza mwadala kapena mosasamala. Ndiye kalata yanu iyankhe funso limeneli iwo asanalifunse.

Mulembe monga mwatilembera pano. Tsiku lomwe bambo anabwera, mawu omwe ali pakhadi, zomwe munamva kuti mawuwo akutanthauza, ndi chifukwa chake munachita renew ngati nokha. Musakongoletse, musanene kuti munaiwala, chifukwa munthu saiwala mwamuna wake chaka chathunthu ndipo bodza limodzi lidzaononga zoona zonse. Kalata ya council ya December 2015 ija ndi golide, ikuonetsa kuti patangotha mwezi munauza boma nokha kuti m'nyumba mwabwera munthu wamkulu wachiwiri, ngakhale zinakudyerani ndalama. Ikhale pamwamba penipeni.

Kamdothi92
Kodi si kampani ija ya Concentrix imeneyi? Chaka chatha inali pa nkhani tsiku ndi tsiku.

BamboWaMapasa
Ayi, imeneyo contract yake inathetsedwa mu November 2016, aphungu atadandaula kuti amayi ambiri olera okha ana anawaimitsira ndalama powaganizira kuti akubisa amuna. Ntchito yofufuzayo inabwerera ku HMRC. Koma njira yake ndi yomweyo, amayang'ana mayina omwe akuoneka pa adiresi yako kudzera ku ma credit reference agency. Ndiye inu amene mumalola msuweni kuti azilandirira makalata a banki kwanu, dziwani kuti pa kompyuta msuweniyo amaoneka ngati mwamuna wanu.

AnaMbewe_Mcr
Ine zanga zinali zosavuta, ndinangodzaza fomu ya TC846 ndipo ngongole ya £1,900 inafufutidwa yonse. MakeTadala, siyani zambirizi, dzazani imeneyo.

NaPhiri_Notts
AnaMbewe, yanu inali yotani?

AnaMbewe_Mcr
Mwana wamkulu anasiya koleji, ndinanena nthawi yake ndipo ndinali ndi umboni wa tsiku lomwe ndinanena. Zomwe zinapitirira kulowa pambuyo pake ndi zomwe anafufuta.

NaPhiri_Notts
Mwaona, ndi nkhani ina imeneyo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndiye ndifotokoze bwinobwino.

Mandatory Reconsideration ndi yoti: chigamulo chanu n'cholakwika, ndalamazi zinali zangadi. Ikakanika, mumapita ku tribunal, komwe woweruza si wa HMRC, ndipo mumakhala ndi mwezi umodzi kuti mutero. Pomwe nkhaniyi ikuunikidwa, kutolera ngongole kumaima.

TC846 ndi yoti: ndavomera kuti ndinalandira zopitirira, koma ine ndinachita mbali yanga, ndiye musandilipiritse. Amaiweruza potengera kabuku kawo kotchedwa COP26. M'menemo muli udindo wa mbali zonse ziwiri. Wanu ndi kupereka uthenga woona, kunena zosintha pasanathe mwezi, ndi kuwerenga award notice iliyonse n'kunena ngati pali cholakwika. Wawo ndi kukupatsani uphungu wolondola ndi kukonza zomwe mwawauza pasanathe masiku 30. Nthawi yake ndi miyezi itatu, ilibe tribunal, ndipo kuyambira mu July 2013 saimitsa kutolera pomwe akuiona. Ikakanika, njira yotsala ndi dandaulo, kenako Adjudicator's Office, kenako Ombudsman kudzera kwa MP wanu.

AnaMbewe anachita mbali yawo, TC846 inawagwirira. MakeTadala sananene, ndiye TC846 payokha ibwera ndi yankho loti simunakwaniritse udindo wanu. Choopsa n'chakuti munthu amadzaza TC846, n'kukhala phee kudikira yankho, masiku 30 a fomu inayo n'kudutsa. Mochedwa amalandira mpaka miyezi 13, koma pokhapokha pali chifukwa chomveka, ndipo microwave si chifukwa.

MakeTadala_Leeds
Achemwali, mwandikumbutsa china. Mu January 2016 ndinaimba kukanena kuti after school club yakwera kufika £60 pasabata. Ndikukumbuka ndinanenapo kuti masiku ena bambo awo ndi amene amakawatenga. Sindikudziwa ngati ndinanena kuti tikukhala limodzi. Kodi zingathandize?

NaPhiri_Notts
Zingathandize, zingapwetekenso, ndiye musazilembe m'kalata musanazimve. Mafoni amawajambula. Lembani Subject Access Request kupempha zojambulidwazo ndi zolemba zonse za pa fayilo yanu, amayenera kuyankha pasanathe masiku 40. Mukamva kuti munanenadi momveka, pamenepo TC846 ili ndi mwendo woimapo, ndipo miyezi itatu ikhala isanathe. Ngati munangodutsitsa mawu, isiyeni. Koma WTC/AP isadikire zimenezi, ipite sabata ino pa Signed For, risiti musunge.

Ndayesa kuwerengera ndi manambala omwe mwapereka, muone ngati zikufanana ndi award notice yanu. Basic £1,960, lone parent £2,010, ya maola 30 £810, family £545, ana awiri £2,780 aliyense, childcare 70% ya £60 pasabata yomwe ndi £2,184 pachaka. Zonse £13,069. Pa malipiro anu amachotsa £6,420, zotsalazo amadula 41%, ndiye £5,363 yapita. Mumatsala ndi £7,706 pachaka, yomwe ndi £590 yanu ija. Tsiku likakonzedwa ngongole itsika kufika cha m'ma £9,450.

Tsopano ngati banja. Kuyambira November 2015 mpaka 5 April 2016 bambo sankapeza kanthu, koma childcare ikanachoka chifukwa pabanja amafuna nonse muzigwira maola 16 kapena kuposa. Pamenepo mukanalandira cha m'ma £2,170. Chaka chino ngati bambo afika £13,000, pamodzi ndi £32,500, amanyalanyaza £2,500 yoyamba ya kukwerako, ndiye mukanalandira mwina £2,800 mpaka February. Zikayenda bwino mutsala ndi ngongole ya pakati pa £4,000 ndi £5,000. Ndi masamu a pa tebulo la kukhitchini, a Citizens Advice, opereka uphungu waulere aja, akawaonenso.

Chilungamo_Bham
Ndiye zomwe ndinanena zija, kubweza abwezabe.

Nyasa_Glasgow
Abweza zomwe anadyadi, osati katatu kake.

MakeTadala, ine ndikuchenjezeni za kutsogolo, poti mukulowa joint claim. Ngongole ya joint claim ndi ya nonse awiri. Ine ndi bambo a mwana wanga tinasiyana mu 2014. Chaka chomaliza tili limodzi iwo ankagwira ma night ambiri osandiuza kuti akupeza zingati, ine pa fomu ndinalemba zomwe anandiuza pakamwa. P60, pepala la malipiro a chaka chonse, itabwera, kusiyana kwake kunali £9,000. Ngongole inatuluka tili kale nyumba zosiyana, anatigawira pakati, theka ine theka iwo. Ndinalira poti ndalama za ma night zija sindinazione n'komwe, zinkamanga nyumba ku Area 25 yomwe lero mukukhala mkazi wina. Ndinamaliza kubweza chaka chatha. Ndiye payslip ya bambo muziiona ndi maso anu mwezi uliwonse. Kale ankanyalanyaza mpaka £25,000 malipiro akakwera, inatsika kufika £10,000, kenako £5,000, pano kuyambira April 2016 ndi £2,500 yokha. Overtime ya Khirisimasi yokha ikhoza kukupangirani ngongole.

BamboWaMapasa
Asisi, si amuna tonse. Ine payslip imafikira pa fridge.

Kamdothi92
Ya ntchito yoyamba kapena yachiwiri?

BamboWaMapasa
Iwe mwana, ulemu.

Ankolo_Luton
Nkhani ya payslip imeneyi ndi yomwe ikuthetsa mabanja kuno. Kwathu mwamuna sankaulula malipiro, koma pakhomo sipankasowa kanthu. Pano boma likufuna mkazi adziwe mpaka ndalama ya overtime. Komabe MakeTadala, mwamuna wakoyo ulankhule naye. Kukhala chete kwakeko ndi manyazi, akuona ngati kubwera kwake ndi komwe kwabweretsa ngongole. Ine ndinakhalapo miyezi isanu ndi umodzi ndikudya za mkazi, ndikudziwa momwe nsima imawawira.

AdminWaGulu
Chikumbutso: musaike zithunzi za makalata pano. Wina waika ndipo ndachotsa, National Insurance number ndi adiresi zimaoneka. Pagulu pano pali anthu ambiri omwe sitikuwadziwa nkhope. Za nyumba za ku Area 25 ndi feteleza tsegulani nkhani ina.

AnaMbewe_Mcr
Chimodzi chomwe Ankolo ananena chili ndi nzeru: zotsalazo mukhoza kubweza pang'onopang'ono. Ikadzabwera notice to pay, TC610, musaiike pansi pa microwave. Amayamba ndi kukuuzani miyezi 12, koma mukawaonetsa zolowa ndi zotuluka amatalikitsa, mpaka zaka 10. Lembani zonse, lendi, gasi, basi, yunifomu. Mukangokhala chete amapereka kwa makampani otolera ngongole, ndiye mafoni ake simungawakonde.

MakeTadala_Leeds
Ndabwera kudzanena pomwe ndafika. Lachiwiri ndinapita ku Citizens Advice, mayi wina anakhala nane ola lathunthu. Masamu a NaPhiri anangosiyana ndi ake pang'ono. WTC/AP yapita Lachitatu ndi makope 11. Bambo anapeza boarding pass ya Ethiopian Airlines m'thumba la jekete lomwe anabwera nalo, yopindikapindika koma tsiku likuoneka. Joint claim tachita. Ankolo, ndinalankhula nawo monga munanenera, munalasa. Ankaganiza zobwerera kumudzi kuti mwina ngongoleyo ithe. Kalata yofotokoza ija talemba limodzi, iwo ndi amene anaikonza Chingerezi.

Kutchalitchi mkulu uja ndinamuuza mwaulemu. Akuti pali mabanja ena awiri omwe anawauza zomwezo.

NaPhiri_Notts
Mabanja awiriwo auzeni aimbe okha kalata isanawapeze. Wodziulula yekha nkhani yake imapepuka kuposa wogwidwa, ndipo mwezi uliwonse womwe akudikira ngongole ikukula.

Chilungamo_Bham
Pamenepo ndiye tagwirizana. MakeTadala, mawu anga aja anali olemera, koma sindinanene mwa chidani.

MakeTadala_Leeds
Ndamva achimwene. Funso lanu lija ndi lomwe mayi wa ku Citizens Advice anayambira.

MakeTadala_Leeds
Abale, ndakhala chete masabata angapo, ndimadikira zonse zifike. Tsiku analikonza, pa 14 November 2015, ngongole inatsika kufika £9,460. Notional offsetting sinabwere yokha, ndinaimba kawiri, kachiwiriko ndinachita kuwerenga mawuwo pa pepala chilembo ndi chilembo. Dzulo kalata yafika: £4,580. Chindapusa sanatchule. CD ya mafoni inabweranso, ndinamvetsera ndi bambo. Ndinangoti "their dad picks them up sometimes", basi, ndiye TC846 ndaisiya. Tagwirizana £65 pamwezi. Joint claim ikulowa, koma ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo atiuza kuti chaka chino itsikanso poti malipiro a bambo awerengedwa a chaka chonse. Bambo atenga Loweruka lowonjezera ku warehouse.

NaPhiri_Notts
Loweruka limenelo mulinene, pamodzi ndi chiyerekezo cha malipiro a nonse a chaka chino, musadikire renewal ya July. Ndipo kalata ya £4,580 ija muisunge pamodzi ndi mapepala a visa.

Mphunzitsi_Zomba
£65 pamwezi, ndawerengera, ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Wamng'onoyo adzakhala ali ndi zaka 10.

AnaJere_Leic
Pepani, ndine mmodzi mwa omwe amangowerenga osalemba. Amuna anga anabwera mu August chaka chatha, khadi lawo ndi lomwelo, ndipo sindinanene. Kalata sinabwere. NaPhiri, ndikaimba mawa m'mawa ndiyambe ndi mawu ati?

NaPhiri_Notts
Muyambe ndi tsiku lomwe anatera, passport ili m'manja. Munene kuti mukufuna kutseka single claim, kulembetsa joint claim, ndi kupempha notional offsetting. Lembani nthawi yomwe mwaimba ndi dzina la amene wakuyankhani. Imbani 8 koloko akangotsegula, mzere umakhala waufupi.